Chigamba cha a Tcheyamani

Chaka chimene salaula inasefukira mu msika wa Lundazi, aliyense m'boma anasanduka bwana. Ogulitsa makala ankapalasa njinga atavala majekete a mabatani onyezimira, ndipo mlimi wina wa fodya wa ku Mphamba anakwatitsa mwana wake atavala chikhothi chaubweya chofika m'mapazi, mu Okutobala, thukuta lili kamukamu. Zovala zakale zochokera kunjazo zinali zotchipa, zinalinso zokongola, tisanamizane. Mafakitale a nsalu a m'dziko ankatsekedwa limodzilimodzi, ndipo anthu anayamba kunena kuti atelala nawo masiku awo atha.

Lucia Zimba, amene msika wonse unkamutcha NyaZimba, ankangoseka akamva zimenezo. Anali atasoka zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pakhonde la atelala, kumapeto kwa msika, pamene makina asanu ndi amodzi ankalira kuyambira m'mawa. Iye ankadziwa chimene onenawo sankafuna kuvomera: salaula anaisokera matupi ena. Mabuluku ake miyendo yosatha, majekete manja ofika m'mawondo. Munthu akagula, njira yake inali imodzi, yopita pakhonde kuti akamuchepetsere, akamupindire kapena akamuwonjezere. Tepi ya NyaZimba inkadziwa mimba zonse za m'boma, ndi momwe iliyonse inakulira chisankho cha 1991 chitatha.

Chimene chinkamusowetsa mtendere sichinali salaula yovalidwa, chinali yotsala. Belo lililonse linali ndi zake zapansi: zong'ambika, zothimbirira, masokosi osowa anzake, ndi zovala zina zimene palibe ankadziwa ngati zimalowera kumutu kapena kumiyendo. Ogulitsa ankazitaya mu ngalande yodutsa kuseri kwa khonde. Ena ankaziotcha, utsi wa nayiloni n'kumalowa atelala m'maso ndi pakhosi. Mvula ikagwa nsanza zija zinkatseka ngalande, madzi n'kukwera pakhonde mpaka mu akakolo. Makina a Lucia, amene malemu mwamuna wake anamugulira ndi fodya wa zaka ziwiri, anali atayamba kuchita dzimbiri kumiyendo.

Komiti ya amalonda a mumsika inaliona vutolo, n'kulipezera mankhwala odabwitsa. Inati popeza khonde likuonongeka ndi madzi, atelala achokepo, likwezedwe, limangidwe zipupa, likhale nyumba yosungiramo mabelo. Atelala akadzipezere okha mithunzi ya mitengo. Kuvota kunaikidwa Lachisanu lomaliza la Novembala. Lucia anamva nkhaniyi ali ndi singano pakamwa, ndipo anatsala pang'ono kuimeza. Anachita mantha enieni. Makina sakhala pansi pa mtengo nthawi ya dzinja, ndipo kuchoka pakhonde kunatanthauza kubwerera kumudzi, kukadyetsedwa ndi alamu ake, makina ataphimbidwa ndi chitenje pakona.

Atelala anasonkhana, poti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Maganizo anabweretsa Lucia. Anati msika ukhale ndi lamulo loletsa kutaya kapena kuotcha zotsala za m'mabelo. Zonsezo zizibwera pakhonde, atelala azisankhemo, azichape, asoke zikwama za ana asukulu, makabudula, zofunda ndi zopondera. Ngalande idzayenda, utsi udzatha, ndipo khonde silidzafunikanso kuchotsedwa. A Danwell, telala wamkulu pa onse, amene anaphunzira Chingerezi ku mishoni ndipo sanachirenso, anazilemba zimenezi m'kalata yolemera yoti iwo eni ankapumira pakati poiwerenga. Anatumiza yoyamba, yachiwiri, yachitatu.

Makalata onsewo ankakathera m'chikwama cha tcheyamani wa komiti, a Jethro Mtonga, mwini shopu ya zipangizo za njinga. A Jethro sanali munthu woipa, anali munthu wokonda kuoneka. Ankayenda ndi chidindo cha komiti m'thumba la jekete ngakhale popita kumaliro, ndipo akakumana ndi a Danwell ankawagwira dzanja ndi manja awiri.

"Osadandaula, adada," ankatero. "Nkhani yanu naiika pa zina ndi zina."

Koma msonkhano uliwonse ukafika pa zina ndi zina, a Jethro ankayang'ana wotchi n'kupempha wina atseke ndi pemphero.

Lucia anaona kuti makalata sagwira munthu pamkono, choncho anayamba kuyendera mamembala a komiti mmodzimmodzi. Onse analipo asanu ndi awiri. Wogulitsa nsomba za kapenta anavomera msanga chifukwa utsi unkanunkhitsa malonda ake. Wa tomato anavomera atamukonzera zipi ya siketi akumvetsera. Atatu ena anati iwo ali kumene kuli a tcheyamani. Anatsala Faides, mfumukazi ya mabelo, mnzake wa Lucia kuyambira ali atsikana m'kwaya, amene ankatukwanana naye m'mawa uliwonse kuti tsiku liyambe bwino.

"Monile, mama wa nsanza," anatero Lucia, akukhala pa belo.

"Monile, mama wa dzimbili," anayankha Faides. "Mwabwela kunililila?"

"Nabwela kutenga voti."

"Tenga, ni yako. Nsanza izi zanitopetsa, nikaotcha nikhosomola wiki yonse. Koma tikhala atatu kwa atatu, ndipo wogamula ni a Jethro. Iwo za mabelo alibe nazo nchito. Afuna chabe chipupa cholembapo dzina lawo."

"Manje niwapeze bwanji? Akaniona patali, akhota njinga."

Faides anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu. "Dzulo akazi awo anagula suti yotuwa pano, ya miting'i ya pa Chisanu. Jekete ili bwino. Koma buluku, mwe, siliwalowa olo adzole mafuta a saladi."

Apa panali chinsinsi chimene chinkadziwika ndi akazi atatu okha. A Jethro ankauza aliyense kuti masuti awo amagula ku Lusaka, ndipo ankati salaula ndi ya anthu osadzilemekeza. Zoona zake zinali zakuti akazi awo, mayi Sophia, ankalawirira kwa Faides belo likangotsegulidwa, n'kubweretsa sutiyo kwa Lucia ili pansi pa dengu, pamwamba ataphimba ndi masamba a repu. Ndipo Lucia anali ndi lamulo lake la ntchito limene sankalithyola: chovala sichipita pa makina mwini wake asanachiyese. Poyamba ankangochigwiriza pamanja ndi ulusi woyera, misoko italiitali yosavuta kumasula, mwini n'kubwera kudzavala, iye n'kuona pofunika kukonza, kenako n'kupondera makina. Munthu mmodzi yekha ndi amene anamuthyolera lamuloli kwa zaka zitatu. Mimba ya a Jethro ankaiyeza ndi maso akamadutsa pa njinga.

Lolemba mayi Sophia anafika ndi dengu lawo. Anapereka moni kwa atelala onse, anakamba za kuchedwa kwa mvula, ndipo anthu atayang'ana kwina anazembetsera buluku pansi pa tebulo. Lucia analitambasula, n'kuona kuti Faides sananame. Linkafunika kulitsegula kumbuyo n'kuikapo chigamba chosongoka pansi, chotambasuka zala zinayi m'chiuno, ndipo nsalu yake inayenera kufanana ndi ya suti kuti munthu asazindikire. Nsalu yaubweya yotuwa ngati imeneyo m'sitolo za m'boma munalibe.

Masana Lucia anatenga ndodo n'kuzungulira kuseri kwa khonde. Anavundukula nsanza mu ngalande, ntchentche zili ng'waa, mpaka anakoka chikhothi chotuwa chopanda dzanja limodzi. Anachichapa katatu, anachiyanika padenga, anachisita. Atadula chigamba n'kuchiika pa buluku, iye mwini anachita kufunafuna pamene chinayambira. Anachigwiriza ndi ulusi woyera mkati, anapachika buluku pa msomali, ndipo makina sanawakhudze.

Lachitatu mayi Sophia anabwera kudzatenga.

"Lafika poyesa, amake Robson," anatero Lucia. "Auzeni abwele."

"Abwele pano? Pakhonde?" Mayi Sophia anagwira pakamwa. "NyaZimba, mwayamba liti?"

"Maso akalamba, mama. Mimba ija yanipitilila. Abwele chabe, maminitsi khumi."

Maminitsi khumi amenewo Lucia anali atawakonzekera bwino. Munthu akaima manja ali m'mwamba, mapini ali m'chiuno, sathawa ndipo sayang'ana wotchi. Anali atayeserera mawu ake onse, ndipo ankaona kuti akangomugwira tcheyamani pa tepi, nkhani ya ngalande aimva mpaka kumapeto.

Koma a Jethro anakana. Lachinayi anakananso, n'kutumiza mawu akuti telala wodziwa ntchito safuna kugwiragwira anthu olemekezeka. Lucia anapsa mtima, kenako anagwa mphwayi. Msampha wake unali utagwira mphepo, ndipo mawa lake kunali kuvota.

Lachisanu m'mawa mayi Sophia anafika akupuma mofulumira. Anati kunyumba kwavuta, adada ake Robson akuzungulira pabalaza atavala jekete, tayi ndi kabudula wamkati, ndipo alumbira kuti sapita kumsonkhano ndi suti yakale. Asanamalize kulankhula anali atachotsa kale buluku pa msomali n'kuliponya m'dengu.

Tinene chilungamo, Lucia anachenjeza. Anati, "Nangogwiliza chabe, makina sanapitepo." Koma anazinena ndi mawu a munthu wosafuna kudzutsa mwana, nkhope ataweramira pa nsalu ina. Mayi Sophia anaima. Anatulutsa buluku, analitembenuza, anayang'ana ulusi woyera uja nthawi yaitali ndithu. Zaka zitatu zonyamula masuti pansi pa repu zinawadutsa pankhope.

"Makutu anga masiku ano, NyaZimba," anatero akubweza buluku m'dengu. "Mwakamba chinthu?"

"Nati muyende makola, mufike bwino."

"Yewo," anatero mayi Sophia, n'kumapita.

Atangopita, Lucia anadzimvera chisoni. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi palibe msoko wake unamasukapo pagulu, ndipo lero dzina lake linali kuyenda m'dengu, lomangidwa ndi ulusi wa masewera. Anaganiza zowathamangira. Anayang'ana miyendo ya makina ake, dzimbiri lili psuu, n'kukhala pansi. Anangotenga singano yolimba ndi ulusi wotuwa, n'kuzibaya pa kolala ya bulauzi yake.

Msonkhano unachitikira mu shedi yakale ya mbewu pafupi ndi msika. Komiti inakhala kutsogolo pa tebulo, amalonda pa mabenchi, atelala kumbuyo kwenikweni. A Danwell anabwera ndi kalata yachinayi, yaitali kuposa zinzake. A Jethro analowa mochedwa dala kuti anthu aione suti, ndipo anaionadi. Inawakhala ngati anabadwa nayo. Wina anafunsa ngati ndi ya ku Lusaka, iwo n'kungomwetulira modzichepetsa. Lucia ankayang'ana kumbuyo kwawo kokha.

Ulusi uja unalimba kuposa momwe iye ankaganizira. Unapirira pemphero lotsegulira, unapirira malonje, unapirira mkangano wa zimbudzi umene unatenga ola lathunthu. Kenako a Jethro analengeza nkhani ya khonde. Anati mfundo yake ndi yachidule, sipafunika kukambirana, ndipo makalata a atelala aonedwa pa zina ndi zina. Anatulutsa chidindo m'thumba kuti chikhale pafupi. Chidindo chinatsetsereka pa tebulo, chinagwa pansi, n'kugubudukira kunsi kwa mpando.

Munthu wina akanapempha mnzake kuti amutolere. Koma chidindo chimenecho a Jethro sankalola munthu aliyense kuchigwira. Anawerama okha.

M'shedi munali phokoso, ndipo palibe anamva kanthu kupatula anthu awiri. Khutu la telala limaudziwa ulusi ukamaduka: thu, thu, thu-thu-thu. A Jethro anadzuka pang'onopang'ono, nkhope itasintha, akumva kamphepo pamalo pamene sipayenera kupita mphepo. Anabwerera cham'mbuyo mpaka anatsamira chipupa.

"Tipume maminitsi khumi," anatero.

Anthu anadabwa, poti tcheyamani ameneyu sankapumitsa msonkhano ngakhale munthu akomoke. Anawaona akuyenda cham'mbali ngati nkhanu, fayilo ataigwirira kumbuyo, mpaka analowa m'kachipinda kosungiramo matumba. Mayi Sophia, amene anakhala pa benchi ya azimayi, ananyamuka n'kuwatsatira. Patapita kanthawi anasuzumira pakhomo n'kukodola Lucia. Faides anaona zonsezo, ndipo popanda womutuma anakaima pachitseko, manja m'chiuno, thupi lake litatseka khomo lonse.

M'kachipindamo Lucia anapeza tcheyamani atakhala pa mulu wa matumba. Kumtunda anali bwana, jekete ndi tayi. Kumunsi anali atamanga chitenje cha akazi awo, cha zithunzi za nkhuku ndi mazira, masokosi akuda akuonekera pansi pake. Buluku linali m'manja mwa mayi Sophia, chigamba chikulendewera ndi ulusi umodzi.

"Mwanichita chiwembu, imwe!" anatero a Jethro monong'ona, maso ali psuu.

"Adada, ninatuma mau kawili kuti mubwele muyese," anayankha Lucia modekha. "Chovala sichipita pa makina mwini asanayese. Msika wonse udziwa."

A Jethro anayang'ana akazi awo. Mayi Sophia anali otanganidwa kuwerenga malata a denga.

"Sokani msanga!"

"Zamsangamsanga ndiye izi zachitika. Pamalo apa pafuna mtima."

Lucia anakhala pa thumba loyang'anana nawo, anasolola singano pa kolala, analowetsa ulusi mosafulumira, n'kuyamba kusoka misoko ing'onoing'ono yobwerera m'mbuyo, yolimba kuposa ya makina. Ndipo anayamba kulankhula. Anakamba za madzi ofika mu akakolo, za a Danwell okhosomola utsi mpaka misozi, za mbuzi ya wogulitsa tomato imene inafa itameza sokosi.

"Izi zonse zili mu makalata," anadula a Jethro. "Tizaziona pa..."

Singano inaima. Lucia anaika manja pa mawondo n'kuwayang'ana mwaulemu, ngati mwana wophunzitsidwa bwino wodikira kuti wamkulu amalize. A Jethro anayang'ana singano, anayang'ana chitseko, kumene mawu a anthu anali kukwera. Anatseka pakamwa. Singano inayambanso kuyenda.

Anayesa kudula kachiwiri, singano inaimanso. Kachitatu sanayese. Kwa nthawi yoyamba chisankhidwireni, a Jethro Mtonga anamvetsera munthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anamva kuti nyumba ya mabelo ikamangidwa nsanza zikadatsekabe ngalande, madzi adzalowa n'kuoletsa mabelo omwewo. Anamva kuti chikhothi chimodzi chotayidwa chimatulutsa zikwama ziwiri za sukulu. Lucia anaiwala mawu amene anayeserera, ndipo polankhula za makina ake mawu ananjenjemera, zimene sanakonzekere.

"Nikachoka paja, adada, ine natha," anatero. "Nilibe kwina."

Anamaliza, analuma ulusi, n'kutambasula buluku pa mawondo. "Manje onani apa. Nionetseni pamene chigamba chayambila."

A Jethro anaweramira, anapapasa ndi chala, anayang'anitsitsa. Monyinyirika anavomera kuti sichikuoneka. Anafunsa kuti nsalu yabwino choncho anaigula kuti.

"Mu ngalande."

"Mu chani?"

"Mu ngalande, kuseli kwa khonde. Chikhothi chimene Faides anataya. Osaopa, ninachapa katatu. Mwakhalila m'mawa wonse, anthu akukutamandani."

Mayi Sophia anatembenukira kuchipupa, mapewa akugwedezeka. A Jethro anayang'ana nkhuku za pa chitenje. Atayankhula, mawu awo anali aang'ono.

"Manje mufuna kuuza anthu."

Apa ndi pamene Faides, amene ankamva zonse kuseri kwa chitseko, akanagwira buluku mwamphamvu mpaka chidindo chitagwa pa pepala. Lucia naye maganizo amenewo anamufikira, ndipo anali okoma. Koma anaona munthu wamkulu atakhala pa matumba, mawondo atagundana, ndipo manyazi a munthuyo anamugwira iyenso. Anapinda buluku n'kulipereka ndi manja awiri.

"Yayi, adada. Tepi yanga idziwa mimba zonse za mu boma muno, koma ilibe pakamwa. Muvote mmene mufunila, ine sinizakamba." Anaima, n'kuwonjezera ali pakhomo: "Koma khonde nalo lili na chipupa kutsogolo. Dzina lingalembeke bwino pamenepo, anthu onse opita ku basi apitila pompo."

Atatuluka, Faides anamukoka dzanja. "Wawapatsa? Asanalonjeze? Iwe ndiwe chitsilu cha mtundu wanji?"

Lucia anabwerera pa benchi yake akudziwa kuti ndodo yokhayo imene anali nayo waiponya yekha m'madzi. A Danwell anamufunsa chimene chachitika, iye anangoti tcheyamani anali ndi vuto la kumbuyo.

A Jethro anatuluka atavala bwinobwino. Anayenda mpaka pa tebulo, anaima, anakhosomola. Sanayang'ane kumene kunali atelala. Anati nthawi yopuma ija anaigwiritsa ntchito posinkhasinkha, monga amachitira atsogoleri. Anati kwa miyezi ingapo wakhala akuvutika mumtima ndi nkhani ya nsanza, ndipo wafika pa maganizo atsopano, ake ake. Kenako ananena zonse zimene Lucia anawauza, mwadongosolo lomwelo, mpaka mbuzi ya wogulitsa tomato, kungoti m'kamwa mwawo mbuzi zinakhala zitatu.

A Danwell anatsegula pakamwa, kalata yachinayi ili m'manja. "Koma izi ni zathu! Ndime yachiwili, ndime yachitatu..."

"Khalani chete, adada," anawanong'oneza Lucia, akuwaponda phazi. "Ni zawo."

Atatu aja amene anali kumene kuli a tcheyamani anasokonezeka, chifukwa sanadziwenso kumene a tcheyamani ali. Mmodzi, amene anali atalonjezedwa makiyi a nyumba ya mabelo, anatsutsa mwamphamvu. Anafunsa ngati munthu wanzeru zake angavale chinthu chotoledwa mu ngalande. Lucia anayang'ana pansi. Faides anayang'ana kudenga.

"Mungadabwe," anatero a Jethro.

Manja anakwera: wa kapenta, wa tomato, Faides. Otsutsa anakweza awiri, wachitatu dzanja linathera pa khutu akukanda. A Jethro anakweza lawo pamodzi ndi oyamba aja. Mlembi analemba lamulo, anawerenga mokweza kuti zotsala za m'mabelo sizidzatayidwanso kapena kuotchedwa, ndi kuti khonde ndi la atelala. Chidindo chinagwa pa pepala, phaa! Lucia anafuna kululutira koma anangopezeka akulira, akupukuta misozi ndi kalata ya a Danwell. Kutsogolo tcheyamani anakhala pa mpando pang'onopang'ono, khutu litatcheredwa kumbuyo. Msoko unagwira.

Loweruka amalonda anafukula ngalande, nsanza zinatuluka ngolo zinayi. Zoola anakazikwirira, zotsala zinaunjikidwa pakona pa khonde, ndipo atelala anakangana sabata yonse polimbirana zikhothi. Pachipupa cha kutsogolo panalembedwa ndi penti yofiira kuti khondeli linapulumutsidwa ndi nzeru za J. Mtonga, Tcheyamani. A Danwell ankadutsa pamenepo atayang'ana kumbali.

Mvula yamphamvu inagwa sabata yachiwiri ya Disembala, masana. Lucia anali kusoka chikwama cha sukulu kuchokera ku chikhothi chotuwa chija, chimene chinali ndi bowo losongoka kumsana. Atakweza maso anaona munthu akukwera pakhonde ndi ambulera, jekete ya salaula ili pamkono poyera, yopanda dengu, yopanda repu.

"Monile, mama," anatero a Jethro, osayang'ana atelala ena amene makina awo anaima onse nthawi imodzi. "Nabwela kuyesa."

Lucia anawaveka jekete, anawatambasula manja, n'kuyamba kubaya mapini m'mapewa ndi m'mbali mpaka munthu sakanathanso kutsitsa mkono.

"Osagwedezeka, adada, mapini alibe ulemu," anatero. "Manje, pali nkhani ya mayunifomu a sukulu. Niona ngati angasokedwe pompano."

A Jethro anatseka maso. Kuseri kwa khonde madzi ankathamanga mu ngalande, akulira, osaima, ndipo Lucia anayang'ana pansi pa makina ake. Simenti inali youma.